Ndinapempha Kuti Azingondidula ku Malipiro

1

Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Sindikunena timafiriji ta m'nyumba ayi, koma zipinda zozizira za m'masitolo akuluakulu, zija amasungiramo nyama ndi mkaka. Ukakhalitsamo zala zimachita dzanzi, moti ukhoza kudzicheka ndi lata osamva kanthu, n'kudzazindikira utaona magazi pa ovololo. Amene amandidziwa amati ndikaweruka ndimakhalanso choncho. Kuntchito amanditcha Ayisi, ndipo sindinakwiyepo nalo dzinali.

Banja langa loyamba ndinalipasula ndekha, palibe chifukwa chozungulira. Ndinali ndi mkazi, telala wosoka mayunifolomu a sukulu pakhomo, ndi mwana mmodzi wamkazi. Tinkamutcha Tsabola, chifukwa ali khanda ankalira mpaka nkhope yonse psuu. Kenako ndinayamba kuchedwa pa sitolo ina yomwe firiji yake inkawonongeka pafupipafupi kuposa mafiriji onse m'tauni. Firijiyo inalibe vuto lililonse. Vuto linali pa tilu ya pafupi ndi khomo, pomwe pankakhala kashiya wina wodziwa kuseka. Mkazi wanga atamva sanaswe mbale, sanaitane abale. Anaimitsa makina osokera n'kundifunsa kuti, "N'zoona?" Ndinati n'zoona. Anapitiriza kusoka.

Sitinafune zokokanakokana kukhoti. Anatilozera kwa mkhalapakati, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, amene ntchito yake ndi kuthandiza anthu osiyana kuti agwirizane okha, khoti lizingodinda. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kakuti mwamuna chipinda chake, mkazi chipinda chake, iye n'kumayenda pakati. Ankati anthu akayang'anizana amayamba kuwerengerana zipsera n'kuiwala mwana. Zonenedwa chipinda china ankabweretsa zokhazo zimene mwini wake walola.

Atandifunsa ndalama zomwe ndingamapereke zosamalira mwana, ndinatchula zochepa dala, poganiza kuti tikwezana pang'onopang'ono ngati pamsika. Amkhalapakati anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, analemba, n'kutuluka. Anakhalitsa kumeneko. Ndinawerenga kalendala yonse ya pakhoma mpaka dzina la kampani yomwe inasindikiza.

"Avomera," anatero atabwerako. "Koma pali mfundo imodzi. Ndalamazo musamatumize pa foni kapena ku banki. Muzipita nazo nokha, pamanja, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Ndipo musamachoke asanakulembereni lisiti."

"Basi?"

"Basi, bambo."

Ndinasaina mwachangu, kuopa kuti angasinthe maganizo. Lolemba ndinamufotokozera Sipanala, mnzanga amene timayenda naye pa galimoto ya kampani.

"Ayisi, ndiwe dolo!" anatero akumenya chiwongolero. "Anzako akulira ndi theka la malipiro, iwe wagula ufulu pa mtengo wa tomato wa madzulo!"

Ndinaseka nawo. Ndinkaona kuti ndapambana.

2

Loweruka loyamba ndinagogoda pa chitseko chomwe ndinachiika ndekha, ngati mlendo wofunsa njira. Anatsegula amake Tsabola, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini kukamwa. Analoza sofa ndi chibwano.

Ndinatulutsa envelopu. "Nazi. Mungondilembera lisiti ndizipita."

Analavulira mapini m'dzanja. "Khalani pansi kaye, bambo a Tsabola. Ndimalize mpendero uwu, eni ake abwera masana."

Mpenderowo unali wautali ngati msewu. Utatha, anayamba kufunafuna cholembera. Anatsegula madilowa, anasuntha nsalu, anasuzumira pansi pa tebulo. Kenako anati madzi awira kale, kutaya tiyi n'kuchimwa. Mkazi amene sanatayepo singano chikwatiraneni, cholembera chokha chinkamusowa mwezi ndi mwezi.

Nthawi yonseyo Tsabola amakhala ali pa ine. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wolongolola ngati wailesi ya m'minibasi. Ankabwera ndi zonse zomwe wasunga mwezi wathunthu: kope la masamu, dzino logwedera, chidole chothyoka mkono, tochi yosayaka.

"Adadi, amayi akuti inu mumakonza chilichonse."

"Ndimakonza mafiriji."

"Tochi ndi firiji yaing'ono basi. Konzani."

Ndinkakonza. Iye amagwira sikuludiraiva, lilime lili panja, n'kumandiuza za aphunzitsi ake ndi za mnzake wina wakuba mapensulo. Tsiku lina anagwira dzanja langa n'kuliika pa tsaya lake.

"Iii, manja anu ndi ozizira! Mumagona m'firiji?"

"Nthawi zina."

"Bodza!" Anathamangira ku makina. "Amayi, akuti amagona m'firiji!"

Musaganize kuti ndinkasangalala. Ndikunena zoona zokhazokha pano. Maso anga ankakhala pa wotchi ya pakhoma, ndipo mumtima ndinkati mkazi uyu akundikhaulitsa. Akufuna ndizikhala pa sofa yomwe ndinagula ndekha, aneba azindiona ndikulowa ndi envelopu ngati wobwereka katapila, ndizipempha lisiti ngati mwana wopempha switi. Mwezi wina ndinabwera ndi cholembera changa. Anachilandira, anachiyesa pa kansalu, n'kunena kuti inki yakuda salembera malisiti, mpaka apeze chake cha buluu. Ndinayang'ananso wotchi, tiyi akuzizira m'kapu.

Lisiti likatuluka dzuwa limakhala litapendeka. Tsabola ankandiperekeza mpaka pa geti atanyamula thumba langa la zida, lomwe linkamukoka mbali imodzi. Tinayenda choncho kwa chaka ndi miyezi ingapo.

3

Kashiya uja ndinamukwatira. Si mkazi woipa, ndisamunamizire. Kungoti Loweruka loyamba la mwezi likamayandikira, mbale m'nyumba zimayamba kulira kwambiri pozitsuka.

"Mwavala shati yabwino," ankatero. "Mukupita kwa akazi anu?"

"Ndikukapereka ndalama za mwana."

"Kupereka envelopu kumatenga tsiku lonse? Ine pa tilu munthu ndimamupatsa lisiti asanatseke chikwama."

Atakhala ndi pakati zinakula. Loweruka lina anadwala mutu ndili uko, anaimba foni kangapo ine osaimva chifukwa Tsabola anali ataitenga kuti azijambula chidole chake. Nditafika ndinapeza zovala zanga zili pa mpando wa pabalaza.

"Sankhani," anatero. "Mapanga awiri avumbwitsa. Sindikuletsani kuthandiza mwana, olo muwonjezere ndalamazo ine ndilibe nazo mawu. Koma zomakakhala pa sofa ya mkazi uja mukumwa tiyi, ine ndili pano ndi mimba, ayi."

Nzeru anandipatsa ndi akalaliki a malipiro kuntchito kwathu. Ndinapita kukafunsa za ovataimu, nkhani n'kutulukira.

"Inu mukuvutikiranji?" anatero akudinda mapepala. "Amuna ambiri muno timangowadula. Ndalama imachoka kuno, imagwera ku akaunti ya mayiyo, mwezi usanathe n'komwe. Palibe kuonana nkhope, palibe lisiti, zonse zimaoneka pa pepala la malipiro. Mgwirizano umasinthika, bambo, si Baibulo."

Mawu akuti palibe kuonana nkhope anandikomera ngati madzi ozizira. Ndinaganizanso zowonjezera ndalamazo ndithu, osati pang'ono, kuti pasakhale wonena kuti ndikuthawa udindo. M'galimoto ndinamuuza Sipanala. Ndinkadikira kuti andiyamikira, koma anangokanda m'mutu.

"Nanga kamwana kaja uzikaona liti?"

"Nthawi iliyonse. Ndiye bwinonso, sindizidikira Loweruka limodzi."

"Chabwino," anatero, n'kukweza wailesi.

4

Ofesi ya amkhalapakati inali momwe muja: masitepe onunkha polishi, benchi m'khonde, zipinda ziwiri zoyang'anizana. Anandiika m'chipinda changa chakale. Ndinafotokoza pempho langa bwinobwino ngati munthu wokoma mtima: ndalama zikwere, zizidulidwa ku malipiro, ndipo mwana ndizimuona nthawi iliyonse tikapangana.

Anapita uko, ndipo sanachedwe.

"Akukana."

"Akuti zachepa?"

"Ayi. Akuti zowonjezerazo sakuzifuna. Zonse zikhale momwe zilili."

Munamvapo mayi wolera yekha mwana akukana ndalama? Fizi inali itakwera, lendi inali itakwera, ine ndikudziwa.

"Apemphanso chinthu china," anapitiriza amkhalapakati. "Akuti mulankhulane maso ndi maso, m'chipinda chimodzi. Ine si kachitidwe kanga, koma ndikhoza kulola. Ndikukulangizani kuti muvomere, bambo."

"Ayi. Tichite monga kale."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatopa n'kukhazikidwa pa mpando ndi mkazi ameneyu. Kamuuzeni kuti akakana, tikaonana kukhoti. Ndi woweruza uti angakane ndalama zambiri, zofika pa nthawi yake, chifukwa choti mayi akufuna kumandiona ndikugwada?"

Amkhalapakati anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi mpango. Ankaoneka ngati munthu amene ali ndi mawu m'kamwa koma si ake. Anatuluka. Kudzera pa chitseko ndinamva mawu apansipansi, kenako zii. Atabwera anali ndi pepala losainidwa kale.

Ndinakumana ndi amake Tsabola pa masitepe potuluka. Anali atanyamula jumbo ya nsalu, zikuoneka kuti anadzera kogula.

"Mwapambananso, bambo a Tsabola," anatero.

"Mwana apindula. Ndipo ndizibwera kudzamuona nthawi iliyonse, zalembedwa."

"Eya," anayankha. "Zalembedwa."

Anatsika patsogolo panga, jumbo ikugunda mwendo. Sanatembenuke.

5

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinagona mpaka dzuwa kulowa pawindo. Ndinatsuka nsapato, ndinaonera mpira. Ndinaganiza zopita Lamlungu, koma Lamlungu kunabwera alamu anga. Sabata yotsatira kompuresa ya firiji ya sitolo ina inapsa, tinagwira mpaka Loweruka. Kenako mkazi wanga anachira, mwana wamwamuna, ndipo m'nyumba munadzaza matewera ndi alendo.

Sindinakhalepo pansi n'kunena kuti ndasiya kupita kwa mwana wanga. Ndikanakhala kuti ndinatero, bwenzi ndili ndi tsiku loti ndizilitukwana. Zinangochitika ngati firiji yotaya gasi pang'onopang'ono: kunja ikulirabe bwinobwino, getsi likuyaka, koma m'kati nyama ikuwonongeka.

Poyamba ankaimba pa foni ya amayi ake.

"Adadi, mubwera liti? Tochi ija yafanso."

"Sabata yamawa, Tsabola."

"Munateronso tsiku lija."

"Ulendo uno ndi zoona."

Anaimbanso pamene dzino lina linatuluka. Anaimba atakhala nambala wani m'kalasi, ndipo ndinati ndimugulira chikwama. Chikwamacho ndinagula, chinakhala pamwamba pa wadiropu mpaka mkazi wanga anayamba kusungiramo zovala zomwe zamuthina khanda. Mafoni anayamba kutalikirana, kenako anasiya. Ine ndinati ndiye kuti akukula, ali ndi anzake.

Tsiku lina tinadutsa pa msewu wawo ndi galimoto ya kampani. Sipanala anachepetsa liwiro pafupi ndi geti.

"Tsika, ukangoti moni. Ndikudikira."

"Tili ndi khadi la ntchito kutsidya. Atidikira."

"Ayisi, ndi mphindi zingati kunena moni?"

"Ndilibe kanthu m'manja. Ndidzabwera bwino Loweruka."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu. "Zengerezu adalinda kwawukwawu, m'bale wanga." Anaponda mafuta.

Kutha kwa mwezi uliwonse ndinkatsegula pepala la malipiro n'kuona mzere uja wa ndalama za mwana, wodulidwa bwinobwino, osaphonya. Ndikamva amuna ena akutukwanidwa pa wailesi chifukwa chothawa ana awo, ndinkagwedeza mutu limodzi ndi otukwanawo. Zaka ziwiri zinadutsa choncho, n'kupitirira.

6

Foni inachokera kwa amkhalapakati. Anati amake Tsabola apempha kuti mgwirizano usinthidwenso, ndipo ulendo uno anenetsa kuti chipinda chikhale chimodzi, apo ayi nkhani ipite kukhoti.

Ndinawapeza atakhala kale. Amake Tsabola anali atayamba kuvala magalasi, ndipo anali ataonda m'masaya. Sanazungulire.

"Ndapeza ntchito ku fakitale ya zovala, yoyang'anira osoka. Ndi mzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ndikupita ndi mwana. Pepala likufuna siginecha yanu."

"Simungandilande mwana," ndinatero. Mawuwo anangotuluka okha, ngati ndawamva mufilimu.

"Kukulandani?" Sanakweze mawu. "Ali kalasi yanji?"

Ndinatchula kalasi. Ndinaphonya.

"Ndimalipira mwezi uliwonse," ndinatero. "Sindinaphonyepo. Ndinawonjezera ndekha, inu mukukana."

Anatembenukira kwa amkhalapakati. "Mayi, auzeni za tsiku loyamba lija. Ndakulolani."

Amkhalapakati anapinda manja pa tebulo. "Bambo, tsiku lija nditapita ndi ndalama zomwe munatchula, ndinawauza mayiwa kuti asavomere. Malinga ndi malipiro anu, khoti likanakulamulani pafupifupi kuwirikiza kawiri. Anati akudziwa. Ndinawachenjeza kuti avutika. Anati akudziwanso."

"Nanga anavomereranji?"

"Ndinkagula Loweruka," anatero amake Tsabola.

Sindinamvetse.

"Ndinakhala nanu zaka zambiri, bambo a Tsabola, ndimakudziwani. Si inu munthu wankhanza. Koma simupita komwe simunatumidwe. Kuntchito akakupatsani khadi, mumapita ngakhale kukugwa mvula ya matalala. Popanda khadi mumakhala pa mpando mpaka kuche. Maliro a malume anu munapita chifukwa ndinakuikirani nsapato pakhomo. Ndiye ndinati munthu uyu akatuluka m'nyumba muno popanda pepala lomutuma, mwanayu sadzamuonanso."

"Mukanangopempha kuti ndizibwera."

"Ndikanapempha ndalama zonse ndi Loweruka lomwe, mukanathamangira kukhoti, khoti n'kunena kuti zizidzera ku banki. Ndinakusiyirani theka kuti muone ngati mwapambana, musaine msanga. Theka linalo ndinkalipeza pa makina. Magalasi awa ndi a mayunifolomu amenewo."

M'chipindamo munangomveka fani ya kudenga. Ndinaona kuti ikulira molakwika, beringi yake yatha. Ndi zimene zinabwera m'mutu mwanga, ndikuuzeni zoona.

"Cholembera chija," ndinatero.

"Chinkakhala m'thumba la epuloni. Sichinasowepo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ndikulipira kuti mwana wanga akhale ndi bambo? Ngakhale ine ndili ndi manyazi. Komabe tsiku lomwe munabwera kudzasintha ndinati basi, ndiwauze. Ndinapempha chipinda chimodzi. Munakana."

Amkhalapakati anayang'ana pansi.

"Tibwerere ku zakale," ndinatero. "Ndizibwera nazo pamanja. Ndalama zikhale zomwe zilipozi, musachotse kanthu."

"Miyezi yoyambirira mutasiya kubwera, mwanayu ankadzuka m'mawa Loweruka, kusamba yekha, n'kuika zinthu zake zowonongeka pa sofa. Ndinkamuuza kuti muli ku ntchito. Kenako ndinasiya kunama, iyenso anasiya kufunsa. Sindimuyambitsanso zimenezo ayi. Ndatopa, ndipo ndilibenso chogulira."

"Ndikapanda kusaina?"

"Nkhani ipita kukhoti," anatero amkhalapakati. "Itenga nthawi, ndipo ntchito ya mayiwa mwina siidikira. Ufulu wokana muli nawo."

Ndinagwira cholembera, ndinachisiya. "Ndimufunse mwini wake. Akanena kuti sakufuna kupita, sindisaina."

"Ali panja pa benchi," anatero amake. "Munamudutsa polowa."

7

Ndinali nditamudutsadi. Ndinaona mtsikana wamtali atakhala kumapeto kwa benchi, nkhope ili m'buku, ndipo ndinaganiza kuti ndi mwana wa anthu ena odzasudzulana.

Atandiona anatseka buku, chala chili m'kati kuti asataye tsamba, n'kuimirira. Anandipatsa dzanja.

"Muli bwanji, adadi?"

"Ndili bwino, kaya iwe, Tsabola?"

"Ndili bwino." Anamwetulira pang'ono. "Dzina limenelo anthu anasiya."

Tinakhala pansi, pakati pathu pali malo a munthu mmodzi. Mano onse anali atamera. Ndinafunafuna chonena. Ndinafunsa za sukulu, anati ili bwino. Ndinafunsa za buku, anandionetsa chikuto. Ankayankha mwaulemu, momwe mwana woleredwa bwino amayankhira mnzawo wa makolo ake. Munalibe mkwiyo m'maso mwake. Ndinaufunafuna, ndikanakonda ndikanaupeza.

"Amayi ako akuti mukusamuka."

"Eya."

"Iwe ukufuna kupita?"

"Eya. Akuti sukulu yake ili ndi laibulale yaikulu. Ndipo amayi sazisokanso Lamlungu."

"Ndi kutali, ukudziwa."

"Tsiku lonse pa basi. Ndikhala cha kuwindo."

"Ndikutanthauza kuti... kwa ine. Ine ndi iwe. Zikhala zovuta."

Anandiyang'ana, akuganiza. Kenako nkhope yake inamasuka ngati wamvetsa chomwe chikundivuta, ndipo anasendera pafupi pang'ono, kufuna kundithandiza.

"Musadandaule, adadi. Ndinawafunsa kale amayi. Akuti banki iliko kumenekonso. Zizifika bwinobwino ngati kuno, inu simuzivutika ndi chilichonse."

Ananena ndi mtima wabwino, abale. Sankandilasa. Anali atakhala pansi n'kuganizira za bambo ake, zomwe bambo ake angade nazo nkhawa, ndipo anapeza chimodzi chokhacho.

Ndinadikira kuti chinachake chindipweteke. Ndinakhala pa benchi paja ndikudikira, ngati munthu amene waponda msomali akudikira ululu. Palibe chinabwera. M'chifuwa munali zii.

"Chabwino," ndinatero. "Uzikalimbikira sukulu."

"Zikomo, adadi."

Anatsegula buku pomwe panali chala. Ndinalowa m'chipinda muja n'kusaina malo onse omwe anandilozera.

Potuluka amake anandipatsa kapepala ka adiresi. "Palibe chokukakamizani," anatero. "Mukafuna kubwera, khomo ndi lotsegula. Koma musamuuziretu. Mudzangofika."

Masana omwewo ndinabwerera kuntchito. Tinasintha kompuresa pa sitolo ina, ndipo inagwira bwino.

8

Inu amene mukuwerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni chipite kwa mayi uja, amene anadula pakati chakudya cha m'nyumba mwake kuti agule maola ochepa a mwamuna yemwe ankangoyang'ana wotchi. Sindinalembenso kuti ndinyoze zodula ku malipiro. Kwa ana ambiri njira imeneyo ndiyo imawadyetsa, ndipo alipo abambo oyenera kuwadula ndithu, mwinanso ndi chikwanje. Ine vuto langa silinali njira ya ndalama.

Ndikulankhula ndi inu abambo anzanga amene mumatsegula pepala la malipiro, n'kuona mzere wa mwana, n'kupuma mwamtendere. Ndimakudziwani, timakwera minibasi imodzi. Simunathawe, simunakane mimba, simunaphonye mwezi. Inenso sindinaphonye. Ngati mu mgwirizano wanu muli kamfundo kena kokutopetsani, kooneka ngati nkhanza chabe, musanathamangire kukakachotsa dzifunseni kuti anakaikiramo ndani, ndipo anataya chiyani kuti kalowemo. Ndipo mayi wa mwana wanu akadzapempha kuti mulankhulane m'chipinda chimodzi, lowani. Simufa.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinasintha, kuti tsiku lina ndinagwetsa misozi m'chipinda chozizira n'kuthamangira kukakwera basi. Ndikanakonda kukupatsani mathero amenewo, ndipo akonzi a magazini ino akanawakondanso. Koma ndinalonjeza kunena zoona. Mkazi wanga sandiletsa, anafika pondiuza yekha kuti ndipite. Sipanala anati adzandigwirira ntchito masiku amenewo. Tchuthi ndili nacho, ndalama ya ulendo ndili nayo, adiresi ndinaiwerenga mpaka kuiloweza. Chomwe ndilibe ndi chonena ndikakafika pa khomo paja, mwana akadzandipatsa dzanja n'kundifunsa mwaulemu ngati pali vuto ndi banki.

Papita chaka chisamukireni. Basi yopita kumeneko imanyamuka m'mawa uliwonse pa depoti, ndipo ndimaidutsa popita ku ntchito, kondakitala akuitanira anthu. Sindinaikwerebe.